Nkhondo ya Mfuti ya a Merle

M'chaka chimene chipale chofewa chinafulumira kugwa m'mapiri athu a Pennsylvania, m'mawa wa tsiku lotsegulira kusaka agwape, Ambuye atatipatsa moyo ndi khofi wotentha, panabuka nkhondo pabwalo la tchalitchi, imene sindikanaikamba ikanapanda kutha bwino.

Mbali ino kunali a Merle Hostetter, Chimbalangondo cha m'Chigwa, Mgwetsanyanga, amene dzina lawo agwape akale ankaopsezera nalo ana awo. Mbali inayo kunali alamu awo a Lloyd Zerbe, Mwini Chiwongolero, amene chaka chimenecho anagula magalasi atsopano nawerenga malamulo onse a ulenje mpaka timalemba ta pansi. Awiriwa ankapita kumsasa wa alenje pagalimoto imodzi chiyambire unyamata wawo.

Ife ophika chakudya cha alenje tinkadziwa kanthu kamene sitinkakanena. Maso a Chimbalangondo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo mfuti yawo inali itaiwala kale fungo la chipolopolo. Ankainyamula kuti asasiyidwe pakhomo ngati nkhalamba.

"Alamu, mfutiyo ndi yodzaza?" anafunsa a Lloyd pamaso pa khamu lonse lovala zaolenji monga achitira alenje.

Lilime, Ambuye atikhululukire, limathamanga kuposa gwape.

"Mfuti ya Hostetter siyenda ndi njala!" anabangula a Merle. "Ndipo chiphaso ndi ichi!"

"Chiphasocho ndi cha kamfuti ka m'chiuno. Yaitali yodzaza sikwera galimoto. Tulutsani zipolopolo, ndisunge."

"Ndinagwira mfuti iwe ukuyamwa chala!"

"Paja nthawi imeneyo kuwerenga kunali kusanabwere."

Pamenepo mtundu unagawikana. A kwaya anaima ndi a Lloyd, ozimitsa moto ndi a Merle, ndipo soseji zinapserera pachiwaya popanda wozilira. A Lloyd anakweza makiyi kumwamba nalumbira kuti injini silira mpaka aone zipolopolo. A Merle analumbira kuti ayenda wapansi mpaka kuphiri. Koma ine ndinaona akukumbatira thumba la mfuti mwamphamvu, pakuti kuitsegula kunali kuulula kuti mulibe kanthu, ndipo kuikaniza kunali kutsala.

Ndipo anatulukira mayi Arlene, Mfumukazi ya Chiwaya, mkazi wa a Lloyd komanso mlongo wa a Merle, akupukuta manja paepuloni.

"Achimwene, bweretsani kuno. Mfuti satsegulira pagulu, mungatilasire abusa."

Analowa nayo kukhitchini, natseka chitseko. Potuluka anaionetsa ili yotsegula, mulibe kanthu, kwinaku akugwedeza thumba la epuloni: ngwere ngwere ngwere!

"Mwazimva? Zipolopolo ndalanda zonse. Ndi chilango cha phokoso pabwalo la Mulungu. Chaka chino agwape apume, inu mukayang'anire khofi."

"Chiwembu!" anafuula a Merle. "Mwana wa mayi anga yemwe!" Koma mapewa awo anatsika ngati a munthu wotula mtolo.

Mtendere unasainidwa pabonati ya galimoto ndi mpeni wodulira chitumbuwa cha maapozi. Abusa anapempherera amoyo, pakuti ofera kunkhondo anali soseji zokha. Mahutala a magalimoto analira, a kwaya anaimba vesi limodzi, ndipo mfuti inakulungidwa m'bulangete nigonekedwa kumbuyo mwaulemu ngati mfumu yobwerera kwawo.

A Lloyd anapempha supuni yotakasira khofi. Mayi Arlene, moiwala, anapisa m'thumba lija natulutsa imodzi, anzake awiri akulira ngwere pambuyo pake.

A Lloyd anaiyang'ana supuniyo ndi magalasi awo atsopano. Anayang'ana akazi awo, kenaka alamu awo, amene ankapapasa chitseko cha galimoto kufunafuna chogwirira. Anatakasa khofi nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira.

"Zipolopolo za makono zatalika," anatero potsiriza, napita kukatsegula chitsekocho. "Kwerani kutsogolo, alamu. Njira ija ine ndimaiwalaiwala, muzikandiuza pokhota."