Nzama Zopanda Chipani

Pa mudzi wina umene dzina lake silikufunika pano, m'dziko lina lokonda kwambiri mbendera, panali mayi wamasiye wolima nzama, dzina lake Nachanza. Tsiku limene mlendo wa ku yunivesite anagwada pabwalo pake n'kuyamba kujambula nzama zimene anayanika, Nachanza anaona kuti pakona pa chitenje choyanikiracho pakusuzumira kamlomo ka ketulo, chizindikiro cha chipani china cha ndale. Anaganiza zokankhirapo nzama ndi phazi kuti kabisike, koma anachita manyazi kuponda chakudya pamaso pa mlendo. Anakasiya choncho.

Mlendoyo, Dokotala Wezi, anali mtsikana wofatsa wa nsapato zafumbi. Anafotokoza kuti bungwe lina la kunja likutumiza chombo mumlengalenga, ndipo likufuna kunyamula mbewu zopirira chilala kuti likaone ngati zingamere kumeneko. Nzama za Nachanza, zofiirira zamawangamawanga, zimene mbewu yake anasiyiridwa ndi mayi ake, n'zimene zinasankhidwa. Zinkafunika zodzaza dzanja limodzi basi. Panalinso kamwambo kena: ulendo uliwonse wotere umakhala ndi baji yake, kansalu kozungulira kokula ngati chikhatho, kamene woyenda m'chombo amasokerera paphewa. Mudziwo unapatsidwa ulemu wokonza bajiyo. Mbendera ya dziko ikhale pamwamba, chithunzi cha nzama pakati. Dokotala anatsanzika, nati abwera kudzatenga zonse ziwiri zikakonzeka.

Pamudzipo panali zipani zitatu: cha Ketulo, cha Makwerero ndi cha Sefa. Mayi aliyense wanzeru ankapita ku misonkhano ya zonsezo, kuvina mokwanira, kulandira chitenje n'kubwerera kwawo kukaphika. Nachanza anali nazo zitenje zonse zitatu. Cha Ketulo chinali chokhuthala, chabwino kuyanikira. Cha Makwerero ankaberekera mdzukulu. Cha Sefa, popeza chinali chakuda, ankachisungira kumaliro.

Chithunzi chimene Dokotala anajambula chija chitangoyamba kuyenda m'mafoni, anatulukira alamu ake, a Kachiwanda, Gavanala Wamkulu wa Chipani cha Ketulo ku Chigawo cha Kumtunda kwa Mjigo. Nzama a Kachiwanda ankati n'zakudya za azimayi, ndipo anali asanabzalepo ngakhale imodzi.

"Alamu, mwatikweza!" anatero, maso ali mwazimwazi. "Dziko lonse laona. Nzama zimenezi zinakulira m'manja mwa Ketulo."

"Zinakulira kumunda, alamu. Pachitenjepo zangoumirapo."

"Kuuma ndiye kofunikako!"

Dzuwa lisanapendeke anali atafikanso a Gwetsani, Mlembi Wamuyaya wa Makwerero, ndi umboni wakuti mdzukulu uja amene ankaingitsa nkhuku pa nzamazo anakulira pa chitenje chawo. Kumbuyo kwawo kunali Mayi Thawale, Mkhalapampando wa Amayi ndi Ena Onse m'chipani cha Sefa, amene anakumbutsa anthu kuti Nachanza analira mwamuna wake atavala Sefa, ndipo munthu sanama pa maliro.

Motero inabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Mlengalenga ndi Madera Ozungulira. Chigamulo chake choyamba chinali chakuti, popeza sizinkadziwika kuti ndi nzama ziti zidzalowe m'dzanja la Dokotala, nzama iliyonse inali kandideti, ndipo makandideti onse ayenera kutetezedwa. Anyamata a zipani ananyamula mtsuko wonse wa mbewu umene Nachanza anaumata bwino atathiramo phulusa. Mayi Thawale anadabwa kwambiri kuti katundu wopita kumwamba angakhale m'phulusa ngati mbatata, ndipo anasefa phulusa lonselo ndi manja awo, amayi a chipani chawo akuimba. Nzamazo, zili mbee, anazitsekera m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo. Pachitseko anakhomapo maloko atatu, chipani chilichonse kiyi wake.

Nachanza ankachidziwa chigayocho. Anankafumbwe a mmenemo anali onenepa kuposa mwini chigayo. Ankadziwanso kuti nzama sizithamangira mvula yoyamba, komanso sizidikira mpaka kalekale: chimanga chikafika m'chiuno, nyengo yake imakhala ikutha. Mbewu ina analibe, ndipo mtundu umenewo sunkapezeka pa msika uliwonse.

Komiti inkakumana m'kalasi, ana atawatulutsa. Nachanza ankakhala kumbuyo pa benchi, kudikira mpata woti apemphe mtsuko wake.

Za mbendera ya dziko panalibe mkangano. Onse anaimirira, nagwirizana misozi ili chuchuchu, kuti ikhale pamwamba. Vuto linali lakuti pansi pake pakhale ndani. A Kachiwanda anati Ketulo, chifukwa cha chithunzi. A Gwetsani anati n'zosamveka kuti Makwerero akhale pansi pa chinthu chimene sichinakwerepo ngakhale pa tebulo. Wina atapereka maganizo oti mbendera zonse zizungulire m'mbali mwa baji mofanana, Mayi Thawale anafunsa kuti ikhale kudzanja lamanja ndi iti. Anawonjezera kuti Sefa, pokhala chinthu chobowokabowoka, imaoneka yaing'ono ngakhale muyeso uli umodzi, choncho ikuyenera chipukutamisozi cha nsalu yowonjezera.

Anaimbira foni Dokotala Wezi kuti aweruze, foniyo ataikweza mawu.

"Pepani akuluakulu," anatero Dokotala, "koma kumene chombo chikupitako kulibe pamwamba kapena pansi. Munthu amangoyandama. Nthawi zina mutu umakhala uku, miyendo uko."

A Gwetsani anaweramira foniyo.

"Mukutanthauza kuti," a Gwetsani analankhula pang'onopang'ono, "Makwerero akhoza kupezeka chadodolido, dziko lonse likuona?"

"Onse akhoza kutero, bambo."

"Ndiye munthuyo amangidwe," anagamula a Kachiwanda. "Amumangirire ku mzati, phewa likhale chilili mpaka abwereko."

Mfundoyi inadutsa popanda wotsutsa, ndipo inatumizidwa kwa eni chombo kuti aitsatire.

Mbiri itamveka kuti kumwamba kuli malo, ena nawo anadzuka. Mipingo inati kumwambako ndi kwawo kuyambira kale, sangapiteko a ndale okha. Timu ya mpira inabweretsa mbendera yake. Anyamata a kabaza analibe mbendera, koma anakasoketsa msangamsanga n'kubwera nayo ikadali ndi ulusi wolendewera. Komiti sinkafuna kukhumudwitsa ovota, ndiye inkangouza telala kuti awonjezere. Baji ija inachoka pa chikhatho n'kufika pa mbale, kenako pa lichero. Pomwe chimanga chinkafika m'mawondo, inkanyamulidwa ndi anthu awiri. Chithunzi cha nzama, chimene poyamba chinali pakati, chinasunthidwira m'mphepete, kenako chinachepetsedwa n'kukhala ngati kadontho, ndipo tsiku lina telala anasokererapo mbendera ya gulu la osewera bawo osazindikira. Palibe anafunsa.

Masana ena Nachanza anapita kuchigayo injini itazima, natsamiritsa khutu pachitseko cha maloko atatu chija. Mkatimo munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Anapita molunjika kwa a Kachiwanda.

"Alamu, ndipatseniko theka lokha. Ndibzale. Zotsalazo muzikangana nazo."

"Ine kiyi wanga ndi uyu, alamu, sindikukanizani. Koma ndikayamba ine kutsegula, a Makwerero anena kuti Ketulo yaba makandideti."

A Gwetsani anati atsegula akaona a Sefa atatsegula. Mayi Thawale anamugwira dzanja mwachikondi.

"Asisi, inu mungonena pagulu kuti ndinu a Sefa. Mawa lomwe loko wanga achoka."

"Nanga enawo?"

"Enawo ndiye awonjezera maloko," anavomera Mayi Thawale.

Chimanga chinali chitafika m'chiuno pamene Dokotala Wezi anabwera kudzatenga katundu. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo la sukulu. Baji anabwera nayo pa wilibala, atafunditsa pulasitiki, amayi a zipani zitatu akuvina kutsogolo kwake, gulu lililonse nyimbo yake. Ataitambasula inaphimba matebulo awiri.

Dokotala anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kachikwama ka zipi, kochepera thumba la mwana wa sukulu.

"Malo amene tapatsidwa m'chombo ndi awa. Baji ndi nzama, zonse zilowe umu. Komanso, akuluakulu, ichi munthu angachisokerere bwanji paphewa?"

"Afunde," anatero a Gwetsani. "Tamva kuti kumeneko kumazizira."

Anaipinda bajiyo, naipindanso. A Kachiwanda anakhalira chikwamacho, Mayi Thawale akukankha ndi bondo, a Gwetsani akukoka zipi mpaka thukuta kamukamu. Zipi inatseka. Malo otsala munalibe ngakhale a nzama imodzi.

"Tichotsepo mbendera zina," anatero Dokotala.

"Muyambire ya Sefa," anatero a Gwetsani.

"Muyese muone!" anakuwa Mayi Thawale.

Phokoso litakula, Nachanza anaimirira. Sanali munthu wolankhula pagulu.

"Pepani mabwana. Ine ndimati ndingonena kuti nzamazo zayamba kufumbwa. Muli anankafumbwe."

Atsogoleri atatu aja anayang'anana. Aliyense anaona m'maganizo mwake chinthu chimodzimodzi: nyuzipepala za kunja, chithunzi cha nankafumbwe akuyandama, kumbuyo kwake mbendera ya chipani chake.

"Analowera pa loko wa Makwerero," anatero a Kachiwanda. "Ndi wotchipa."

"Anabwera ndi sefa ija!" anayankha a Gwetsani.

"Olemekezeka," Mayi Thawale anakweza dzanja, "tisanyozane pamaso pa alendo. Tifunse funso lenileni. Nzama zimenezi zatichitira chiyani? Chiyambire zakana kunena mbali imene zili. Lero zikufuna kutichititsa manyazi kumwamba. Mbendera simafumbwa."

Atatuwo anakanong'onezana pansi pa mtengo, ndipo pobwera anali atagwirana manja, chinthu chimene ngakhale okalamba a pamudzipo anali asanachionepo. A Kachiwanda anawerenga chigamulo ndi mawu a pa maliro. Pofuna kuteteza ulemu wa Ulendo wa Nzama, nzama zachotsedwa pa ulendowo. Baji ipita yokha. Mayi Nachanza, chifukwa chosunga mbewu yopanda mwambo, achotsedwa m'zipani zonse zitatu nthawi imodzi, abweze zitenje, ndipo atenge mtsuko wawo lero lomwe, usadetsenso chipinda cha Komiti. Pomaliza, mawa likhala tsiku la chikondwerero: membala aliyense wa chipani chilichonse asapite kumunda, koma asonkhane pabwalo ndi kuyang'ana kumwamba, kusonyeza umodzi.

"Komatu chombocho sichinyamuka mawa," anatero Dokotala Wezi. "Ndipo popanda mbewu, sindikudziwa ngati..."

Nthungululu zinamumiza. Makiyi atatu anatembenuka motsatizana, pambuyo pa kukambirana kwakufupi kwa amene ayambe. Nachanza anasenza mtsuko wake popanda nkhata, popeza chitenje chimene akanapindira chinali chitalandidwa kale. Alamu ake anatembenukira kumbali kuti asaonedwe akupatsana moni ndi munthu wochotsedwa.

M'mawa mwake kunacha kuli mitambo, nthaka ili yofewa ndi mvula imene inagwa mbandakucha. Nachanza anakhuthulira nzama pa mphasa n'kuyamba kusankha. Zambiri zinali zobowoka, zopepuka ngati makoko. Zimenezo anaponyera nkhuku. Zabwino zinadzaza kambale kamodzi. Anavala siketi yake yakale, natenga khasu.

Njira ya kumunda inkadutsa pasukulu. Mudzi wonse unali pamenepo m'mizere itatu, makosi ali chagada, anyamata a zipani akuyendayenda kuona ngati wina waweramitsa mutu. Mmodzi anamuimitsa, koma mnzake anamukumbutsa kuti mayiwa si membala wa chilichonse, lamulo silikuwakhudza. Anamusiya adutse.

M'minda monse munalibe munthu. Nachanza anabzala mzere ndi mzere, nzama imodzi pa phando, mpaka kambale kanatha. Mizere imene inatsala yopanda mbewu anaisiya choncho, nabwerera kunyumba kukatereka madzi.