Nsalu Yogona Pansi pa Tayala la Sipeya

Mpaka lero ndikamadutsa pa shopu ya telala wathu ku Ruaka, kuno ku Nairobi, ndimanamizira kuyankha foni.

Akazi anga anandipatsa nsalu kuti ndikasiye kwa Mama Njeri, awasokere diresi yovala pa ubatizo wa mwana wathu. Ine ndinaiponya kumbuyo kwa galimoto n'kuiwala. Akandifunsa ndinkangoti, "Ikusokedwa, amayi." (Mulungu andikhululukire.) Ndinadzaipeza ubatizo utayandikira, ili pansi pa tayala la sipeya.

Sindinade nkhawa. Ndinkati bizinesi ya pabanja ilibe malamulo, bola kudziwana. Pa shopupo Mama Njeri ndiye amasoka, amuna awo amasita, amayi awo okalamba amaika mabatani. Onse amandidziwa, mpaka amangonditchula kuti Malawi.

Nditafika nayo nsaluyo, Mama Njeri anangoloza mulu wa nsalu pa shelefu n'kundipepesa m'Chiswahili. "Pole, Malawi. Yobwera kumene imalowa pansi."

Ndinati apa ndidzere kwa mwamuna mnzanga. Mawa lake ndinamutengera mpunga wa Kilombero womwe tinkasungira alendo a pa ubatizo (inde, ndinaba m'nyumba mwanga momwe). Anaununkhiza, kuulandira ndi manja awiri, kenako n'kunena kuti, "Ine ndimangosita. Malaya anganso ali pa mulu womwewo."

Mpunga unapita. Kunatsala agogo. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo (bondo linalira, makasitomala akuona) n'kuyamba: "Mami, mwana wanu sangakukanireni inu. Mungomuuza kuti..."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anadzuka n'kusolola nsalu yobiriwira chapamwamba pa mulu uja. "Iyi ndi yanga, yoti ndikavale ku ukwati wa ku Kahawa. Ndakhala ndikudikira ngati wina aliyense, chonsecho ndinamubereka ndine. Tikayamba kudumphitsa achibale, mawa abwera ndani kudzasoketsa?"

Manyazi anandigwira, komanso kunena zoona ndinawasirira anthu aja. Ndinaulula zonse, za tayala zomwe.

Agogo anatenga nsalu yawo n'kuiika pansi penipeni, yathu n'kuilowetsa m'malo mwake. "Malowa ndi anga, ndingapatse amene ndafuna. Ndikupatsa mkazi wako, osati iwe. Ku ukwati wa ku Kahawa ndikavala yakale."

Diresi inatuluka pa nthawi yake, yokongola zedi, ndipo mtima unakhala pansi. Chimene sindinadziwe n'chakuti akazi anga anaitana banja lonse lija ku ubatizo. Agogo anatulukira atanyamula poto wamkulu, fungo la Kilombero litadzaza pabalaza.

"Mpunga uwu mwaupeza kuti kuno ku Nairobi?" anafunsa akazi anga, omwe ndinali nditawauza kuti wathu unafumbwa ndipo ndinautaya.

Agogo ananditembenukira. "Malawi, unena wekha kapena ndinene ine?"

Masiku ano nsalu akazi anga amakasiya okha. Kabati ya mpunga anaikapo loko, ndipo kiyi sindidziwa komwe amakhala.