Mtovu, Msomali ndi Mbande za Tsabola

Lolemba

Chiperoni chafika. Phiri silikuoneka, ngakhale mtengo wa mapeyala wa pakhomo ukungooneka theka. Lero akwana masabata atatu chiikire bambo a Lusiya m'manda.

Anthu a pamaliro onse apita. Atsala alamu anga a Feliya, mlongo wawo wa malemu, amene akuti adzabwerera ku Muloza ndikayamba kudya bwino.

Ndatsegula kachipinda ka kuseri. Mbande za tsabola zilipo, makumi awiri ndi zinayi, masamba awiriawiri. Lusiya ankazithirira asanabwerere kuntchito. Bambo ake anafesa okha, Lachisanu lija asanagwe. Mbewu yake ndi ija amayi awo anabwera nayo kuchokera ku Milanje ataimanga pansonga ya chitenje. Botolo lake ndalipeza lopanda kanthu. Anafesa yonse.

Pamwamba pa mbande pali nyale yawo: thabwa lomatidwa pepala lonyezimira la m'bokosi la tiyi, timababu makumi atatu tochotsa m'matochi akufa, ndi batire ya njinga yamoto. Ankati nyengo ino dzuwa limapita kutchuthi, ndiye mbande zimafuna lina lobwereka. Koma nyaleyo siikuyaka. Masiku a maliro m'chipindamu munkagona azimayi asanu ndi atatu, wina anayanikapo chitenje chonyowa, mawaya asanu ndi limodzi n'kuthothoka.

Ndikonza ndekha. Ndinawaonerera zaka zambiri. Zofunika:
— msomali wautali uja wa chogwirira chamtengo
— mbaula
— mtovu wowotcherera, uli m'chitini cha mafuta odzola
— magalasi anga
— mtima.

Ndayamba ndi kukonza malo. Mawaya awo onse ndi otuwa, ofanana, ndipo ena ali ndi mfundo ngati chingwe cha mbuzi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwanena chifukwa cha uve umenewu. Ndamasula mfundo zonse, ndawongola. Tsopano pakuoneka ngati pa anthu.

Lachiwiri

Mbaula pakhonde, msomali pamakala. Ukafiira, ndithamange nawo kukachipinda. Ndi mapazi khumi ndi anayi. Pofika wazizira.

Ndalowetsa mbaula m'chipinda. Alamu asuzumira mu utsi n'kunena kuti, "Alamu, mukufuna tiike awiri mwezi umodzi?" Mbaula yabwerera pakhonde. Tagwirizana kuti ikhale pansi pa zenera, msomali ndizipatsira pamenepo.

Msomali wafiira kachitatu, ndipo pachipata pamveka odi. Amayi a kutchalitchi, anayi, kudzapepesa. Ndakhala nawo pamphasa, mutu pansi monga ziyenera. Aimba bwino. Ine ndikumva makala akutha kuseri, ndipo ndachita manyazi ndi mtima wanga.

Masana ndayesanso. Mtovu ukusungunuka, koma ukukana waya. Ukungopanga timipira tonyezimira n'kugubuduka pansi. Nkhuku yamawanga yalowa, yatola kamodzi. Imeneyo sitiidya chaka chino.

Ndawerenga mabuku ambiri pa moyo wanga, a nkhondo, a chikondi, a anthu owoloka nyanja zazikulu. Palibe ndi limodzi lomwe lonena chochita mtovu ukamathawa.

Lachitatu

Mawawa tsiku lonse. Zovala za Lolemba sizinaume.

Mbande zatsala makumi awiri ndi ziwiri. Zikutalika ngati ulusi, zonse zapendekera ku kazenera, ngati ana a sitandade wani akamva galimoto.

Ndapeza buku lakale la sayansi la bambo a Lusiya, la kusekondale, lopanda chikuto. Likuti waya uyenera kupalidwa mpaka uwale. M'mphepete mwa tsamba analembamo ndi pensulo mawu amodzi: utomoni. Ndakhala ndikuyang'ana kalembedweko nthawi yaitali. T wawo uja wopendama.

Utomoni ndaupeza m'chitini chomwe chija, chibulumwa chachikasu. Ndi wa mitengo ya paini, ankautola ku Likhubula masiku aja akugwira za nkhalango. Dzulo ndimayesa ndi switi yakale.

Kupala. Kupaka utomoni. Msomali. Kafungo kakwera, fungo la malaya awo lenileni, ndipo mtovu wayenderera pawaya ngati mafuta. Wagwira!

Zotsatira za lero:
— waya umodzi wolumikizika
— chala chimodzi chopsa
— magalasi omatika utomoni
— alamu andipaka mankhwala otsukira mano pachala, akuti ndi mmene amachitira ku Muloza.

Ndadya mbatata ziwiri. Alamu awerenga.

Lachinayi

Mawaya onse asanu ndi limodzi alumikizika isanakwane teni koloko. Si okongola, ena ali ndi zotupa ngati bondo la nkhalamba, koma ndawakoka ndipo sakuchoka.

Ndisanaganize ndatembenuka n'kuitana, "Bambo a Lusiya, tabwerani mudzaone." Mokweza ndithu. Alamu kukhitchini asiya kupala mphika. Kenaka ayambiranso, pang'onopang'ono.

Ndalumikiza kubatire. Zii.

Ndachotsa, ndalumikizanso. Zii.

Magetsi abwera masana, ndatchaja batire maola atatu. Zii.

Amene ndikuwaganizira:
— batire
— chinyezi
— mayi uja wa chitenje chonyowa
— nkhuku.

Alamu akuti, "Mwina zikulira mwini wake. Ngakhale galu amatero." Sindimakhulupirira zoterozo, koma ndazindikira kuti ndikulankhula ndi thabwa mwaulemu.

Mbande makumi awiri. Ziwiri zagona, zaola m'khosi.

Lachisanu

Ndaganiza kuti vuto ndi moto wochepa. Buku likuti cholumikiza chozizira sichidutsitsa magetsi. Ndiye lero makala ambiri, msomali wofiira kwenikweni, ndipo ndikukanikiza nthawi yaitali pa babu lililonse. Onse makumi atatu, kuti pasakhale wodandaula.

Fungo la lero si la malaya awo. Ndi la ndowa ya pulasitiki ikayandikira moto. Timababu tina tasanduka tachikasu, tina taphwa ngati maso a nsomba youma. Pepala lonyezimira lapsa pakati, pali chibowo cholowa chibakera.

Mai Nachisale oyandikana nawo afuula pampanda, "Kodi kumeneko mukuwotcha matayala?" Alamu ayankha m'malo mwanga, "Ayi, ndi sayansi."

Ndalumikiza. Zii.

Mbande khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndaziwerenga kawiri, ngati zingachuluke.

Ndatumiza uthenga kwa a Makwinja, okonza mawayilesi ndi mafoni pa Chonde. Ankacheza ndi malemu Loweruka lililonse, kukangana za mabatire. Ndalemba kuti pali kavuto kakang'ono.

Loweruka

A Makwinja afika panjinga, atavala jumbo kumutu. Ayamba ndi kupepesa, monga mwa mwambo. Tiyi. Mbatata. Nkhani ya mvula. Ola lathunthu, ine miyendo ikuyabwa.

Kenaka kukachipinda. Ayang'ana thabwa. Avula chipewa, ngati pali maliro ena. Agwira waya umodzi, autsata ndi chala mpaka kumapeto, agwira wina.

"Mayi, mfundo zija zapita kuti?"

Ndati ndinamasula Lolemba, pokonza malo.

Akhala pansi pa ndowa. Akuti timababu totere tili ngati nyumba ya khomo limodzi, magetsi akadzera kuseri salowa. Anthu ena amasiyanitsa ndi waya wofiira ndi wakuda. Malemu analibe wofiira, anali ndi mpukutu umodzi wotuwa umene anatola kalekale, ndiye waya wolowetsa moto ankaumanga mfundo. "Pa Chonde aliyense amazidziwa mfundo zimenezi, mayi. Wayilesi ikabwera ndi mfundo, timadziwa kuti yadutsa m'manja mwa achimwene."

Ndiye kuti Lachinayi lija ndinalumikiza bwinobwino, koma chagada. Timababu tinali tamoyo, tikungodikira. Ndinatipha ndine Lachisanu.

Ayesa limodzilimodzi ndi kabatire ka foni. Amoyo ndi anayi. Awalumikiza anayiwo, ayaka. Kuwala kwake n'kokwanira kupezera singano, osati kulera tsabola.

Powaperekeza anena kuti, "Koma kuwotcherera mwakutha, mayi. Kungoti mwapitirira."

Ndalowa kukhitchini n'kuyamba kuseka. Zaka makumi atatu ndikuwanena za mfundo, iwo ankangoti, "Zisiyeni, mayi a Lusiya, zili ndi ntchito." Sindinafunsepo kuti ntchito yanji. Ndaseka mpaka alamu abwera kudzandigwira paphewa, ndipo pamenepo sikunalinso kuseka.

Lamulungu

Mbande khumi ndi imodzi.

Pochokera kutchalitchi nkhungu yang'ambika pang'ono, phiri laonetsa phewa limodzi. Ndanyamula mbande kupita nazo pakhonde, pomwe mawawa safika. Palibenso china chochita.

Alamu awerama, atikita tsamba limodzi, anunkhiza. Sabata yonseyi amayesa ndi maluwa achizungu.

"Kodi chipwirikiti chonsechi n'chifukwa cha tsabola wa amayi? Alamu, ameneyu kwathu wangoti mbwee kuseri kwa bafa. Timachita kuzula. Ngakhale mbuzi zinatopa naye."

Ndakhala pansi. Mbewu yotsiriza padziko lonse, kuseri kwa bafa ku Muloza.

Ndati, "Koma wa kuseri kwa bafayo sanafese ndi achimwene anu."

Alamu apita kukatenga tebulo laling'ono, aikapo mbande, alisunthira pomwe pali kadzuwa. Dzuwa litasuntha, asunthanso. Akuti atsala sabata ina, aone ngati tizinthuti tikhale ndi moyo. Za kudya kwanga sanatchule.

Zotsala:
— mbande khumi ndi imodzi, zitatu zokayikitsa
— chala chimodzi chikupola
— nkhuku ili bwinobwino
— mtovu watha.

Madzulo ano ndalowa m'kachipinda kukasesa timipira. Pa waya wolowetsa moto ndamangapo mfundo. Yanga yatuluka yaudongo kwambiri, ndiye ndamasula, ndamanganso mosasamala, ngati chingwe cha mbuzi.

Timababu tinayi tikuyaka pamwamba pa thabwa lopanda mbande. Sindinazimitse.