Mafoni Odana ndi Ulesi

Pulani yonse inabadwira pa Chimbiya, kuseri kwa chiwaya cha nyama ya nkhumba, Loweruka lina lozizira m'chaka cha 1998. Masese anali atatsika m'chidebe, ndipo nzeru za Zefaniya zinali zitakwera mpaka kusefukira.

Zefaniyayu anzake ankamutcha Injiniya, chifukwa tsiku lina anagwirako ganyu yokumba dzenje la pholo la magetsi. Pambali pake panakhala Kalisto, wowonda ngati bango, amene pamsika ankadziwika kuti Kamphepo. Wachitatu anali Benedicto, kapena kuti Dilamu, munthu woti akamakwera minibasi kondakitala ankayamba wayang'ana kaye matayala.

"Afana, tcherani khutu," Injiniya anatero akupukuta thovu kundevu. "Matipate abwera, dziko lapita patsogolo, inu mukubabe nkhuku? Manyazi mulibe?"

"Nkhuku ndi ndiwo, abigi," Dilamu anayankha akunyambita chala.

"Ndiwo zako zomwezo. Ine ndikunena selula. Foni ya m'manja, yopanda chingwe, ija amayenda nayo mabwana ku Lilongwe. Ndaziona ndi maso angawa kusukulu ya pulayiveti ili m'tsinde mwa phiri la Dedza ija. Ndinapita kukagulitsa nkhuni. Mwana aliyense kafoni kakuda m'chiuno, akuthamanga kuzungulira bwalo, kusangalala ndi chuma cha makolo! Lamulungu amazisiya m'chipinda cha anesi, onse n'kupita kutchalitchi ku boma. Tikangozinyamula, basi, ife ndi mabwana."

"Dilu imeneyi ndi yakupsa," Kamphepo anavomera. "Abigi, inu ndi dolo."

"Dolo ndi wamng'ono. Ine ndi Injiniya."

Tsono chimene Injiniya sankadziwa ndi ichi. Pasukulu ija pankaphunzira ana a anthu opata, ana oti anakulira tchipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera, kuchoka pakama n'kulowa m'galimoto. Ambiri anali atanenepa moti ankapuma wefuwefu pongokwera masitepe a kalasi, ndipo mmodzi anakomokapo pa asembule. Namwino wa pasukulupo, Mayi Clotilda, ataona kuti ana ayamba matenda a anthu akuluakulu, anapempha mlongo wawo wa ku Joni kuti awatumizire timakina tovala m'chiuno. Sitinali mafoni ayi. Ukakayatsa kamawerenga mapazi ako, ndipo ukakhala phee kwa kanthawi kamalira mosalekeza mpaka unyamuke. Ntchito yake inali yomweyo basi: kulanda munthu mpando.

Lamulungu m'mawa nkhungu inatsika phiri ngati yachita kulembedwa ganyu. Mlonda anali kuseri kwa khitchini, akuwotcha mbatatesi. Injiniya analamula kuti achotse magalasi a windo limodzilimodzi monga mwa pulani, ndipo ntchitoyi inawatulutsa thukuta ngakhale kunali chisanu. Kamphepo atapanikizika n'kugwera mkati, anapeza Dilamu ali kale momwemo, akusuzumira m'kabati.

"Walowera pati iwe?"

"Pakhomo. Sanakiye."

"Khomo silinali m'pulani," Injiniya anakalipa ali pawindo. "Mukandisokoneza ndikuchotsani m'kampani."

Dilamu sanamve n'komwe. Nkhope inali itagwa. "Abigi, sukulu ya anthu olemera iyi, koma m'kabati muli makaroti ndi magwafa okhaokha. Ngakhale kabisiketi? Anthu awa ndi ankhanza."

Timakina anatipeza m'katoni, titandandalikidwa bwino. Anatikhuthulira m'thumba la feteleza, Dilamu n'kulisenza, ulendo wa m'mapaini.

Atafika pakati pa nkhalango anakhala pachipika kuti ayese katundu. Injiniya anatenga kamodzi n'kudina batani. Kanati tswii, pagalasi pake n'kuoneka ziro.

"Mwaona? Ziro. Ndiye kuti ndi yatsopano, sinaimbidwepo. Yatsani zonse, kasitomala safuna katundu wakufa."

Anayatsa tonse, kamodzikamodzi, mpaka thumba lonse linadzuka. Dilamu anasankha kake, nakayika kukhutu, natulutsa chifuwa.

"Halo, amake Funsani? Ndine. Ndikuimba kuchokera ku ofesi. Muphe tambala uja."

"Kodi alamu ku Mayani kuja ali ndi foni?" Kamphepo anafunsa.

"Amva basi. Izi zimayenda ndi mphepo."

Anakhala choncho akugawana maina a makampani amene adzatsegule. Kenaka thumba linaphulika. Tswii! Tswii! Tswii! Timakina tonse pamodzi, ngati anapiye zana aona kabawi. Mbalame zinauluka. Kamphepo anapezeka ali kuseri kwa mtengo asakudziwa kuti wafikako bwanji.

"Khalani pansi, mbuli inu!" Injiniya anakuwa, maso akuwala. "Akutiimbira! Foni yolira ndi foni yamoyo." Anatola kamodzi. "Halo? Injiniya pano. Lankhulani, bwana."

Tswii! Tswii!

Chapatali, anthu awiri ocheka matabwa anaimika sowo n'kuyamba kuyang'ana. Atatu aja ananyamula thumba n'kuyamba kuyenda mwandawala, ndipo pomwepo phokoso linati zii.

"Ndi malo aja," Injiniya anafotokoza ngati mphunzitsi. "Panali mphepo yambiri. Tikagulitsa kutauni ziziimba mwaulemu."

Pamsewu waukulu anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Poyenda zinthu zinali bwino, chifukwa galimotoyo inkanjenjemera thupi lonse ngati ili ndi malungo, ndipo thumba linagona tulo pamiyendo ya Dilamu. Injiniya anafika pouza mayi wina wa dengu la tomato kuti iye ndi wa bizinesi ya zamagetsi. Koma asanapite patali anapeza apolisi atatchinga msewu, magalimoto ali pamzere. Dalaivala anazimitsa injini. Anadikira. Anadikirabe.

Tswii! Tswii! Tswii!

"Bomba!" mayi wa tomato anakuwa. "Mayo ine, bomba!"

Sindinaonepo minibasi ikutsitsa anthu msanga chotero. Ena anatulukira pakhomo, ena pawindo, kondakitala anadumpha n'chitseko chomwe m'manja. Wapolisi amene ankabwera kudzaona laisensi anadzigwetsa m'ngalande. Tomato anagubuduka mumsewu monse. M'chipwirikiti chimenecho akuba athu analowa m'munda wa mapesi, liwiro la mtondo wadooka, thumba lili chete pamsana ngati silinalakwe kanthu.

Anatulukira m'mudzi wina momwe munali maliro. Injiniya anamenya m'manja.

"Mulungu ndi wabwino. Pamaliro safunsa munthu kuti ndiwe yani. Lowani pakati pa azibambo, nkhope zikhale zachisoni."

Anakhala pansi pa mtengo wa mpichesi. Dilamu anabisa thumba m'jekete, mimba n'kuoneka ngati yawonjezera mwezi. Mkulu wa mpingo anaimirira, nati tiyeni tipemphere. Mudzi wonse unawerama. Pemphero lake linali la anthu aja oyambira kwa Adamu.

Lisanafike n'kwa Nowa komwe, jekete ya Dilamu inayamba kulira.

Mitu inadzuka. Mkulu wa mpingo anatsegula diso limodzi. Apa m'pamene Kamphepo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaganiza chinthu cholondola.

"Aise," ananong'ona, "zimasiya zikagwedezeka. Gwedezeka!"

Dilamu anagwedeza mapewa. Phokoso linachepa. Anagwedeza chiuno. Linatheratu. Atasiya pang'ono, mantha anamuuza kuti liyambanso, ndiye anaimirira n'kuyamba kutyola chiuno mwakhama, nkhope ili yachisoni monga analamulira Injiniya, misozi ya thukuta ikutsika.

"Kodi bambo awa ndi a kuti?" mwamuna wina anafunsa mokweza. "Akuvina pamaliro a apongozi anga?"

"Ndi mwambo wa kwawo," Injiniya anayesa kufotokoza. "Amalira ndi thupi lonse."

Adzukulu anali atangobwera kuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Sanafune kumva za mwambowo. Atatu aja anadumpha mpanda wa nkhumba, nadutsa m'dimba la kabichi, n'kuloza kuphiri komwe anachokera m'mawa.

"Abigi, titaye thumbali!" Kamphepo anapempha akuthamanga.

"Utaye chuma? Ukataya ndikutaya iwe!"

Nthawi imeneyi n'kuti kusukulu atabwerako kutchalitchi. Mayi Clotilda anaima pakhomo la chipinda chawo akuyang'ana katoni yopanda kanthu. Mtima unawawawa. Makolo ena anali akudandaula kale kuti ana awo akuzunzidwa ndi makaroti, ndipo ahedi ankangofuna chifukwa choti athetsere zothamangathamangazi. Timakina tikapita, ana abwerera kumipando ndi kumandasi.

Anyamata ena kumbuyo anayamba kumwetulira. "Tipumeko," wina anatero.

Koma mtsikana wa Fomu 3 dzina lake Pemphero, yemwe uja anakomoka pa asembule chaka chatha, anali atayamba kale kumanga zingwe za nsapato.

"Pumani inuyo," anatero. "Ine sindifuna kudzanyamulidwanso pamachira anthu akundiseka. Anesi, akubawo sangabisale. Akaziyatsa n'kungokhala pansi, tiwamva."

Mayi Clotilda anamuyang'ana, kenaka anaseka mpaka kugwira chitseko. "Zoona, mwanangu. Valani nsapato nonse. Masewero a lero ndi amenewa."

Ocheka matabwa aja anawalozera njira. Anthu a kumaliro nawo anali akukwera kuchokera kumunsi. Ndipo pakati pa magulu awiriwa, penapake m'mapaini, chinthu chinkati chikalira, n'kusiya, n'kuliranso chapatsogolo.

Injiniya ndiye anayamba kuwaona ana aja akutuluka m'nkhungu, atavala mayunifolomu a Lamulungu. Anaseka ngakhale mpweya unali utamuthera.

"Afana, musaope. Ndi ana a mabwana aja. Timatumba ta mafuta iti tingagwire ndani? Tikwere chitunda ichi, tiwasiya akulira amayi awo."

Anakwera. Ana nawo anakwera. Chimene Injiniya sanawerengere n'chakuti ana amenewa ankakwera chitunda chomwecho m'mawa uliwonse chiyambire chaka, pamene iye masewero ake anali onyamula chidebe cha masese kuchoka pansi kufika pakamwa. Anawo sankathamanga n'komwe mwamphamvu. Ankangobwera mwakachetechete, phazi ndi phazi, Pemphero ali patsogolo, Mayi Clotilda ali pambuyo ndi wezulo pakamwa.

Woyamba kugonja anali Kamphepo. Mwendo unamukoka, anagwa chagada, nakweza manja. "Ndigwireni, koma mundipatseko madzi."

Dilamu anagubudukira m'munda wa mbatatesi wa m'mphepete mwa nkhalango, nagona pakati pa mizere, nadzifunditsa masamba. Mzere umodzi unangooneka wonenepa kuposa anzake. Ana anaima mozungulira mundawo osalankhula. Anadikira pang'ono. Mzere uja unayamba kulira.

"Musandimenye," unatero mzerewo. "Ndavina kale mokwanira."

Injiniya yekha ndiye anasowa. Iye anali atatapa timakina tina m'thumba n'kudzaza m'matumba a buluku ndi jekete, poti kapitawo safa ndi anyamata ake. Anakwera mtengo wa paini mpaka kunsonga, nakumbatira thunthu, nakhala chete osaphethira n'komwe. Mumtima ankadziyamikira kuti pulani ngati imeneyi sangaiganize munthu wamba.

Mtengo wonse unayamba kuimba.

Anayesa kuugwedeza kuti utonthole. Nthambi inati thyo! Anatsika msanga kuposa mmene anakwerera, nthambi iliyonse ikumupatsa moni, mpaka anafikira pamapazi a Pemphero.

"Bambo," mtsikanayo anatero mwaulemu, atagwira m'mawondo, "foni yanu ikulira. Simuyankha?"

Dzuwa likupendeka, gulu lonse linafika kupolisi: ana asukulu, adzukulu ndi makasu awo, mayi wa tomato amene anachita kubwerera kuti adzaone bomba, ndi akuba atatu atamangidwa ndi chingwe chodumphira. Sajeni amene anali pakauntala anamvetsera nkhani yonse akuluma mlomo kuti asaseke. Anaika thumba patebulo, nati katunduyo ndi umboni, ayenera kukhala pompo mpaka tsiku la khoti.

Asanamalize kulemba dzina la Injiniya, umboni unayamba kulira.

Sajeni anatseka makutu. "Mayi, zimitsani zinthu zanuzi!"

"Pepani, bwana," Mayi Clotilda anayankha nkhope ili gwa. "Sizizima ndi chala. Anazipanga dala kuti ana asamazimitse okha. Pali kakiyi kake, koma ndakasiya kusukulu. Ndibwera nako ndikapeza mpata, mwina Lachitatu."

"Ndiye tigwira bwanji ntchito muno?"

"Zimangofuna munthu woyenda nazo."

Sajeni anayang'ana thumba. Anayang'ana akuba. Kenaka anatsegula chitseko cha kabwalo ka kuseri, nagawa timakina m'milu itatu, napachika aliyense mulu wake m'chiuno.

"Zungulirani. Ndikangomva tswii, ndikuwonjezerani mlandu wosokoneza mtendere."

Ana asukulu anaunjikana pampanda kuwombera m'manja mogwirizana ndi mapazi. Injiniya anali patsogolo, masamba a paini ali m'tsitsi, Kamphepo akutsimphina pakati, Dilamu pambuyo atagwira buluku limene linali litayamba kale kukhwepa. Pozungulira kachitatu, Dilamu anaona Mayi Clotilda akutuluka pageti.

"Anesi!" anakuwa ndi mawu otsala. "Chonde, mabatire ake amatha liti?"

Mayi Clotilda anatembenuka, naganiza kaye pang'ono.

"Achimwene anati ndi olimba kwambiri. Amatha chaka."