Kalata ya Shuga Imene Ndinaikonza Ndekha

"Nanga ngati mwachira mwadzatani kuno, bambo inu?"

Anandikalipira choncho namwino wa pachipatala chachikulu, pamaso pa odwala shuga odzaza mabenchi atatu. Nanenso ndinakweza mawu (ine sindichedwa), koma mumtima ndinadziwa kuti ndadzipweteka ndekha.

Zinayamba ndi chilonda cha pachala chakuphazi, chimene chinakana kupola miyezi iwiri. Adokotala a pachipatala chathu chaching'ono atayeza mkodzo wanga anapukusa mutu.

"Achimwene, shuga uyu wandikulira. Pitani kwa akatswiri m'tauni, apo ayi chalachi chidulidwa. A shuga amawaona kamodzi pamwezi."

Anandipatsa kalata yomata. Tsono ine, munthu woti ndinafika Fomu 2, kunyamula kalata yonena za ine osaiwerenga? Ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo. Ati ndine wamakani, mapiritsi ndimataya, nzimbe sindisiya. Zonse zoona, koma n'zouza alendo zimenezo? Ndinaing'amba n'kulemba yanga m'Chingerezi chakupsa: wodwalayu ndi womvera, shuga watsika, chilonda chikupola. Chidindo ndinadula pa yong'ambika ija n'kumata ndi phala.

Ndinakwera lole ya matemba pa Kachulu. Ayufi atatiimitsa panjira kufuna makhadi a chipani, ndinaonetsa yanga monyada, munthu wa mapepala okwanira. Kufika, namwino uja anawerenga kalata, ndiye mfuwu uja.

"Mayi, chalachi chikuwola!" ndinatero.

"Kalata ikuti chikupola. Ndimvere inu kapena adokotala?"

"Adokotalawo ndi mbuli!"

Anainunkhiza kalata ija. "Mbulidi. Mpaka chidindo chawo kununkha mgaiwa."

Mabenchi onse kuseka, ngakhale agogo ena osaona. Chilonda ananditsuka ndithu (mosanyengerera), koma kwa akatswiri ayi, ndikabwere mwezi wamawa ndi kalata yeniyeni. Kunyumba mayi a ana anangoti, "Sukulu yanu ija idya chala."

M'mawa mwake ndinatsimphina kupita kwa adokotala athu, nditanyamula milamba iwiri yowamba. Anamva nkhani yonse osaseka, milamba analandira, n'kulemba kalata ina, yaitali kuposa yoyamba. Nditangokhota kuseri kwa chipatala ndinaikweza padzuwa kuti ndione zam'kati. Munthu woipa uja anali ataikulunga m'pepala la kaboni.