Malume, Nkhwangwa ndi Sitima ya Loweruka

Mpaka lero a Nabanda, akazi anga, akamva sitima ikulira amasiya zimene akuchita n'kundiyang'ana kaye. Amangondiyang'ana, kenako n'kupitiriza zawo. Kuyang'ana kumeneko kuli ndi mbiri yake, ndipo poti ena akuifalitsa mokhotakhota kutchalitchi, ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Choyamba mudziwe kuti ine pa nkhani yonenerera mtengo sindigonja. Ndinaphunzirira pa kaunjika ku Limbe, kumene ukalikonda jekete umayamba walinyoza. Umaligwira ndi zala ziwiri ngati lanyowa, n'kufunsa ngati mwini wake anafera momwemo. Lamulo lake ndi limodzi: chimene wachikonda usachiyang'ane, ndipo usachifunse. Luso limeneli ndinabwera nalo kuno ku America, ndipo landithandiza pogula matayala, sofa, ngakhale mbuzi ya Khirisimasi kwa mlimi wina wa ku Maryland, amene anandiwonjezera mutu ndi mang'ina ulere (a Nabanda amati munthuyo amakataya kale, koma imeneyo ndi nsanje).

Tinkakhala ku Arlington, m'nyumba zosanjikizana zija, ndipo lendi inkakwera chaka ndi chaka ngati ikuthawa galu. Titagwirizana zosamuka, a Nabanda anandipatsa malamulo atatu.

"Bambo a Chikondi, pakhale potchipa. Pakhale anthu, osati kumanda kuja kumene ukayetsemula aneba amasuzumira pakatani. Ndipo pakhale sitima, tigulitse galimotoyi, yatidyera zokwanira."

Ndinati asiyire ine.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, iwo ali pantchito kuchipatala, ndinayendetsa galimoto kupitirira Gaithersburg mpaka katauni kena kamene dzina lake ndalisunga, poti tikukhalabe komweko. Abale, zimene ndinapeza! Msewu waukulu atautseka, anthu ali piringupiringu. Oimba magitala, owotcha nyama, ogulitsa uchi, ana atapakidwa utoto kumaso. Ndipo pakati pa zonsezi panali kasiteshoni ka njerwa zofiira, anthu atadzaza mpaka pamasitepe. Mumtima ndinati: taonani unyinji wodikira sitima, komanso Loweruka!

Nyumba yochititsa lendi inali kuseri kwa siteshoni komweko. Eni ake anali mayi wina wachizungu wachikulire, wa nsapato zakumunda, ali ndi chigalu chaubweya chimene chinandinunkhiza matumba onse. Tili m'chipinda chogona, kunja kunamveka kulira kwa sitima, mawindo n'kuyamba kunjenjemera. Mtima wanga unavina, koma nkhope ndinaikwinya ngati ndaluma mwala mu mpunga. Pawindo sindinasuzumire. Lamulo lija.

Tisanamalize kuona khitchini, ina inaliranso. Ziwiri m'kanthawi kochepa chonchi! Kumeneku ndiye kunali kufika.

"Mayi," ndinatero m'Chingerezi changa cha pamsika, "phokoso ili munthu angagone nalo? Akazi anga ndi anamwino, amafuna tulo."

"Zoona, limavuta," anatero. "Ndikuchotserani pang'ono."

Ndinapukusa mutu, n'kuyamba kulowera kukhomo, pang'onopang'ono, mmene timachitira kuti wogulitsa akuitane. Anandiitanadi, n'kutsitsanso. Apa mpamene munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa, chifukwa wogulitsa akavomera msanga ndiye kuti jeketelo lili ndi chibowo kukhwapa. Koma ine ndinali nditaledzera ndi chipambano. Ndinapempha basela.

"Kuseriku kuli malo oimika galimoto," anatero. "Tengani ulere."

"Galimoto tikugulitsa, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Tengani basi," anatero. "Mudzawafuna."

Za nthawi ya sitima sindinafunse. Ukafunsa, waonetsa njala.

Tinasamuka Lachinayi la mwezi wotsatira. Tikutsitsa katundu, a Nabanda anayang'ana msewu waukulu uja, mmene munali munthu mmodzi yekha akuthirira maluwa.

"Anthu munkanena aja ali kuti?"

"Ali kuntchito, mayi. Anthu a kuno ndi olimbikira. Dikirani Loweruka muone."

Lachisanu m'mawa ndinawaitanira pakhonde kuti aone anthu a mataye ndi zikwama akukwera sitima yopita ku Washington. Yoyera bwino, ya mawindo akuluakulu. "Mwaona?" ndinatero. Madzulo ake omwewo ndinagulitsa galimoto kwa a Tembo, mnzathu wa ku Zambia amene timapemphera naye, ndipo ndinawafinya mtengo mpaka anatuluka thukuta.

Tsopano Loweruka limenelo silinali Loweruka wamba. Tadala, mwana wa mlongo wanga, amene anabwera kuno kudzaphunzira n'kupeza ntchito, ankachita chinkhoswe mu holo ina ku Arlington. Mayi ake ali ku Zomba, chitupa choyendera sichinatheke, ndiye amaonera pafoni. Nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine, malume ake, wachibale yekhayo wa magazi amene ali naye kuno. Popanda ine mwambo sukanatheka. Ndipo nkhoswe ya kuchimuna anali a Tembo omwe aja, poti mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wawo.

Kwa amene munaiwala za kumudzi: akuchikazi amapereka thadzi, akuchimuna tambala, nkhoswe n'kusinthana. Komanso akuchikazi amapatsa mkamwini zida zoti akasamalire banja. Choncho m'mawa umenewo ndinatuluka m'nyumba nditavala suti yanga yabuluu, dzanja lina beseni la nkhuku yathunthu yowotcha imene a Nabanda anaidzukira m'mamawa, kukhwapa nkhwangwa, chikwanje ndi khasu, nditazikulunga m'chitenje.

"Nthawi ya sitima mwayang'ana?" anafunsa a Nabanda akukhoma chitseko.

"Kuno sitima siyang'aniridwa nthawi. Zimangobwera ngati maminibasi a ku Ndirande."

Mu msewu waukulu munali gologolo. Pasiteshoni panali ife.

"Tafulumira," ndinatero.

Patapita kanthawi njanji zinayamba kulira. Ndinakonza taye, ndinanyamula beseni, n'kusendera kutsogolo. Chinatulukira pakona chimutu cha sitima chakuda ndi utsi, ndipo sichinkaoneka kuti chili ndi maganizo oima. Apa thupi linachita zimene linazolowera: ndinatambasula dzanja n'kuyamba kukupiza, mmene timaimitsira minibasi pa Chichiri. Woyendetsa anandiimbira hutala, ndikuganiza mwaulemu, n'kudutsa. Kumbuyo kwake mabogi a malasha, a mafuta, a matabwa, mabogi osatha, opanda windo ngakhale limodzi. Mphepo yake inandivula chipewa.

"Imeneyo ndi ya katundu," ndinawafotokozera a Nabanda, ngati kuti iwo analibe maso. "Imatsogola, kukonza njira."

Inabwera yachiwiri. Ya katundunso. Imeneyi sindinaikupize kwambiri.

Foni inalira. Tadala. "Malume, muli pati? Akuchimuna afika kale, ndipo holoyi atipatsa mpaka masana okha, kukubwera ena aukwati."

"Tili pasiteshoni, mwana wanga. Usade nkhawa." (Onani kuti sindinaname.)

Ndi pamene anatulukira mayi eni nyumba aja, akuyendetsa chigalu chawo. Anaima, anayang'ana suti, anayang'ana beseni, anayang'ana chilundu cha a Nabanda.

"Mwatchena bwanji! Mukudikira ndani?"

"Sitima, mayi."

"Ya Lolemba?"

Anatifotokozera mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako ndi kumene kunawawa. Sitima ya anthu imaima pano masiku a ntchito okha: m'mawa kupita mumzinda, madzulo kubwerako. Loweruka ndi Lamlungu njanji ndi ya katundu. Nanga chikhamu chija ndinachiona pasiteshoni? Chinali chikondwerero cha tauni, chimachitika kamodzi pachaka, ndipo anthu aja pamasitepe ankadikira chimbudzi.

A Nabanda sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Bambo a Chikondi," n'kusiyira pomwepo.

Mayi aja anati atiperekeze pa galimoto yawo. Ine ndinakana. Munthu amene wamugonjetsa pa mtengo sungamulole akuone uli pansi. Ndinaitanitsa galimoto ya hayala, zija zoitanira pafoni, ndipo poti katauniko kali kutali, inatenga nthawi yake yonse. Itafika, mnyamata woyendetsa anatsitsa galasi akumwetulira. Ine pofuna kutsegula chitseko ndi dzanja lomwe linapanira mtolo, chitenje chinamasuka. Nkhwangwa pansi, ngwee! Chikwanje pamwamba pake, chatsopano, chikung'anima padzuwa. Ndinawerama msanga n'kuchitola, n'kuyamba kufotokoza, ndikuloza nacho.

"Ndi za ukwati izi, achimwene! Za mkamwini!"

Sindikudziwa chimene anamva. Ndinangoona galimoto ikubwerera chafutambuyo mpaka pakona, mwaluso ndithu.

A Nabanda anavula nsapato zawo zazitali, anazigwira m'manja, n'kupita okha kukagogoda kwa eni nyumba, amene amakhala chapafupi pomwepo.

Tinakwera kapikapu kakale konunkha manyowa. Zida kumbuyo, ife kutsogolo: mayi aja pachiwongolero, a Nabanda pakati, ine kukhomo, beseni pamaondo, ndipo chigalu chija pamapazi anga, poti akuti sichitsala chokha. Tili mumsewu waukulu wopita ku Arlington, Tadala anaimbanso foni. Ndinatembenukira kuwindo kuti ndimulimbitse mtima bwinobwino. Mmene ndimabweza maso, chitenje cha pabeseni chinali chitasendera, galu akunyambita milomo, akuyang'ana kutsogolo ngati dikoni.

Thadzi linatsala ndi mwendo umodzi.

Kuholo, azimayi a kumpingo anali atachita zimene akanatha kuti achedwetse zinthu mpaka tifike. Mukudziwa mwambo uja wobweretsa mtsikana wofundidwa chitenje kumutu, akuchimuna n'kumuvundukula, n'kupeza kuti si iye, n'kulipira ya thiransipoti kuti abwerere? Kawirikawiri amabwera awiri, wachitatu n'kukhala mwini wake. Tsiku limenelo anatha atsikana onse a m'kwaya. Atatha, anayamba kufunditsa azimayi a mvano. Pamene ife timalowa n'kuti a Tembo akuvundukula mayi wina wa zidzukulu zake, chikwama chawo cha ndalama chili pululu, ndipo panja pakhomo galimoto yanga yakale itaima ndi maliboni.

Ndinapita kaye kuchipinda kumene anabisa Tadala. Utoto wa m'maso unali utayenderera m'masaya. Pafoni imene mnzake anagwira, mlongo wanga ku Zomba ankangopukusa mutu.

"Malume," anatero Tadala, "ndimaganiza kuti mwandisiya ndekha."

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti malume ake ndi wopusa, koma wafika.

Mwambo unayenda mothamanga. Itafika nthawi yosinthana nkhuku, a Tembo anavundukula beseni langa pamaso pa anthu onse. Anayang'ana, anazungulira mbali ina, anayang'ananso.

"Ba malume," anatero pa maikolofoni, "manje iyi nkhuku yabwela na mwendo umozi chabe? Winangu mwalipila nawo sitima?"

Holo yonse inagwa ndi kuseka. Koma pamsika ndinaphunzira kuti katundu wako sumunyoza wekha. Ndinalanda maikolofoni.

"A Tembo, kwathu timatero dala. Thadzi limene tikukupatsanili si loyendayenda. Likalowa pakhomo panu, lakhala."

Nthungululu zinaphulika, Tadala anaseka mpaka kubisa nkhope, mlongo wanga pafoni akuwomba m'manja. Ndinakhala pansi ndikumva kuti ulemu wanga wabwerera, mwina ndi basela.

Ndinaiwala kuti mayi eni nyumba sanabwerere. Azimayi anali atawamanga chitenje, atawapatsa mbale, ndipo pa nthawi ya perekaniperekani anavina kuposa tonse. Kenako wina (ndikumudziwa, ndipo Mulungu akumuona) anawapatsa maikolofoni kuti anene mawu.

"Bambo awa ndi aulemu kwambiri," anatero. "Nyumba ija inakhala yopanda munthu nyengo yonse yozizira chifukwa cha sitima za katundu zija. Ndinali wokonzeka kutsitsa kuposa pamene paja, koma iwo anaoneka okondwa kwambiri, ndiye sindinafune kuwasokoneza."

Wina anamasulira m'Chichewa kuti ngakhale a ku Zomba amve.

Lolemba ndinakwera sitima, ndipo ndikuuzeni, ndi sitima yabwino zedi. Koma kutchalitchi timapita Lamlungu, ndipo a Nabanda amagwira ntchito Loweruka kawiri pamwezi. Sabata isanathe ndinaimbira a Tembo kuti tikambirane za galimoto ija. Ndinayamba mwa nthawi zonse, kuinyoza: mabuleki olira, chitseko chovuta, fungo la mbuzi ya Khirisimasi.

"Ba malume," anandidula, "ni imwe munaniuza kuti ni motoka ya bwino maningi. Mutengo ni wamene uja. Koma muikepo na transport ya bakazi bonse baja ninabweza."

Ndinalipira, mpaka ya mayi wa zidzukulu uja.

Galimotoyo tsopano imagona kuseri kwa nyumba, pamalo aja ndinapatsidwa ulere. Ndimawakumbutsa a Nabanda kuti ku Arlington malo oterowo tinkalipira mwezi ndi mwezi, ndiye tikawerengera bwinobwino, munthu amene anapambana pa nkhani yonseyi akudziwika. Iwo amangodikira sitima ilire.