Hatchi Yakuda ndi Gogo Margaret

A Chisale, mukuseka chiyani? Ndikunena za ine ndemwe, Kachingwe wa ku Evington, ndipo amene akukayika aimirire ndimuone nkhope.

Tinatenga nkhalamba za kukeya homu, nyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito, kuti zikaone chinyumba chakale cha mabwana kunja kwa Leicester, chimene makola ake a mahatchi amaposa nyumba ya lendi yomwe ndimagonamo. Ine ndinkakankha njinga ya gogo Margaret, mzungu wosayenda, amene ankati bambo awo ankasesa m'makola momwemo. Ndinangoti nditole chipewa chawo chimene chinauluka, buleki n'kumasuka, njinga uyo, kutsetsereka kulunjika kudziwe lakuya, gogo ali momwemo.

Mukumva? Pomwepo ndinaona maliro, ntchito yatha, viza yatha, ana anga akubwerera ku Ntcheu sukulu ili pakati. Pafupi panali hatchi yakuda imene eni ake ankaiponyera chakudya ali patali chifukwa cha mantha, ine wosakwerapo ngakhale bulu ndinailumphira, kuigwira makutu, kuiuza m'Chichewa kuti tiye, ndipo inamva, inadumpha mpanda, inadumpha basi yathu dalaivala akumwa tiyi m'katimo, inalowa pakhomo la chinyumba chija n'kudutsa m'chipinda chodyera mpaka mabwana a pazithunzi zapakhoma anativulira zipewa, tinatulukira pawindo galasi osasweka, liwiro lake mvula imene inkagwa inalephera kutipeza, gogo uja tinawapitirira osawaona mpaka ndinazindikira tili mumzinda wina kutali, ku Hyson Green, tikupikisana ndi tramu, sitima yoyenda mumsewu, ndinaikoka khutu lamanzere, tinakhota, kubwerera kudula minda ya eni nkhosa zikutipatsa njira, n'kupeza matayala akutsogolo a njinga ija atangokhudza madzi. Mukunditsatira? Ndinawerama, kunyamula njinga ndi dzanja limodzi, gogo ndi bulangete lawo lomwe, n'kuwakhazika kutsogolo kwanga pamsana pa hatchi.

Mtima wanga unkagunda mpaka abakha anathawa padziwepo. Gogo Margaret, amene chaka chonse sanasekepo, anandigwira dzanja n'kunena kuti tibwereze. Munthu wamkulu sakanizidwa. Tinabwereza.

Anesi athu, mayi Banda, amene analipo tsikulo, amauza anthu kutchalitchi kuti njinga inaima yokha pa udzu, ndipo ine anandipeza chagada m'matope, nsapato imodzi palibe, hatchi ikundinunkhiza. Asiyeni, sakunama. Kungoti iwo anafika mochedwa, titatsika kale ulendo wachiwiri.